Kagalasi ka a Zuze m'dimba la amayi

Ndidali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene matenda a chiwawu adalowa m'dimba la amayi. Tinkakhala kufupi ndi Likhubula, m'tsinde mwenimweni mwa phiri, kumene dzuwa limafika mochedwa chifukwa liyenera kuyamba lakwera Mulanje yense lisanatione. Anzathu a ku Thuchila akamati kwacha, ife timakhala tidakali mumthunzi, manja ali m'khwapa, mano akugundana.

Dzina langa ndine Felesiya, koma pakhomo ankanditchula kuti Wailesi. Sindinkasunga kanthu m'mimba. Nkhuku ya eni ikaikira kutchire, pofika madzulo mudzi wonse wadziwa, ndi chiwerengero cha mazira chomwe. Dzinalo ndinkalinyadira, poti masiku amenewo mwana wa maso ndi makutu ankayamikiridwa. Idali nthawi ya chipani chimodzi, nthawi yoonetsa khadi polowa mumsika ndi pokwera basi. Kusukulu ankatiuza kuti tikaona mlendo, kapena munthu wodziwika koma wochita zachilendo, tizikanena kwa akuluakulu. Anthu ankayamba acheuka asanaseke, ndipo nkhani zambiri zinkathera pakati wina akatulukira pakhonde.

Bambo adamwalira ndili wamng'ono, choncho chimene chinkatisunga ine ndi amayi lidali dimba. Lidali kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje kochokera m'phiri, pamalo a dothi lakuda lonona, ozunguliridwa ndi nthochi ndi nsungwi. Agogo adawasiyira amayi chifukwa ndiwo adali mwana wamkazi woyamba, ndipo aliyense wodutsa ankalisirira. Zaka zonse m'miyezi yachisanu amayi ankabzalamo mpiru ndi nyemba, chimanga n'kudzabwera kukayamba kufunda. Koma chaka chimenecho adaganiza zochenjera. Adati akabzala mvula itangosiya, adzakhala oyamba kufika ndi mondokwa pamsika wa Chinakanaka, anzawo chimanga chidakali m'mawondo. Adagula mbewu ya makono, n'kudzaza dimba lonse, osasiyako ngakhale mzere umodzi wa mpiru.

Mbewu yotsala m'chitini adapatsa mng'ono wawo, amayi aang'ono a Esitere, kuti akabzale ndi amuna awo, a Zuze.

A Zuze adabwera kwathu pachikamwini, monga mwa mwambo wathu woti mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Kunena zoona, tonse m'mudzimo makolo athu adachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, koma zimenezo zidali za agogo a agogo. A Zuze adawoloka okha ali mnyamata, ndiye kwa ife fumbi lakutsidyako lidali lisanachoke kumapazi kwawo. Chichewa chawo chinkatsamira ku Chilomwe, ndipo khasu likaguluka ankalikalipira m'Chipwitikizi. Ankagwira ntchito kufakitale ya tiyi, m'chipinda chofotetsera masamba. Adali munthu wofatsa, wosayankhulayankhula, ndipo masiku amenewo munthu wachete ankaopsa kuposa wolongolola.

Ine ndinkadana nawo, ndipo chifukwa chake ndi chochititsa manyazi. Asanabwere iwo, amayi aang'ono adali anga. Tinkagona pamphasa imodzi, ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse, ankandisungira mkute wa makaka ndi nandolo. Atakwatiwa, mkute wonse udayamba kulowera kwa a Zuze, tsitsi langa n'kumakhala nyankhalala. Mlandu wawo kwa ine udali womwewo basi.

Poti adali mkamwini, adawapatsa malo amene wina aliyense sankawafuna, kumtunda, pafupi ndi thanthwe lalikulu lopanda mtengo ngakhale umodzi, pamene mbuzi zinkakonda kugonapo masana. Anthu adaseka ataona a Zuze akung'amba nsungwi pakati n'kuzilumikiza kuti akoke madzi kuchokera pakasupe. Iwo adangopitiriza ntchito yawo. Adatola miyala, adathira manyowa, adabzala sabata yomweyo imene amayi adabzala.

Mwezi wa Juni chiperoni chidabwera n'kukhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Nkhungu inkatsika m'phiri, mvula yamawawa n'kumagwa masiku atatu anayi osaliona dzuwa. Chiperoni chitachoka, timadontho tofiirira tidayamba kuoneka pamasamba a chimanga cha amayi, totukukira pamwamba, ukatikhudza n'kukusiyira ufa pachala ngati dzimbiri la lata lakale. Ndikadutsa m'mizere, diresi langa la sukulu linkatuluka lofiira m'mapewa. Matendawo adayambira masamba a m'munsi n'kumakwera, masamba n'kumauma chimanga chisanamasule ngayaye. Amayi adawaza phulusa, adathothola masamba odwala n'kuwatentha, koma m'mawa uliwonse timadontho tinkakhala titachuluka. Tsiku lina ndidawapeza atakhala pamzere, dzanja lili patsaya, sadandimve n'komwe ndikuwaitana.

Koma kumtunda kuthanthwe, chimanga cha a Zuze chidali biriwiri. Timadontho tidalipo apo ndi apo, tochita kufunafuna.

Kumtsinje amayi otunga madzi adayamba kuwerengera pazala. Mbewu ya m'chitini chimodzi, madzi a phiri limodzi, sabata imodzi yobzala. Nanga bwanji dothi lonona likulephera, miyala n'kumabereka? Palibe adatchula dzina la munthu, koma mawu oti kukawa adayamba kumveka monong'ona. Kukawa, kwa amene simukudziwa, ndi matsenga amene amati munthu amakokera nawo zokolola za m'munda wa mnzake kuti zikachuluke mwake. Ine mawuwo ndidawameza ndi chala chomwe, ndipo ndidayamba kuwayang'ana a Zuze ndi diso lina. Akatsokomola, ndinkati pali chimene akubisa. Akapereka moni kwa amayi, ndinkamva chinyengo m'mawu awo.

Loweruka lina amayi adandituma m'mamawa kukaingitsa apusi kudimba. Mame adali mbwee, udzu ukuluma kumapazi ndi kuzizira. Nditayandikira nthochi ndidaona munthu atanjuta pakati pa chimanga chathu. Adali a Zuze. Ndidabisala. Adamasula kanthu kamene kadali kopachikidwa paphesi, adakayang'anitsitsa pafupi ndi maso, adatulutsa khala m'thumba n'kulembapo, kenaka n'kukalowetsa m'jekete. Adacheukira uku ndi uku, n'kukwera kumtunda kwawo. Ndidachita mantha, koma sindiname, mkati mwa manthawo mudali kachisangalalo.

Ndidawazonda m'mawa katatu. Tsiku lachitatu adakapachika paphesi n'kupita kukakonza nsungwi zawo zamadzi zimene zidagwa. Ndidakwawa mpaka pamalopo. Kadali kathabwa kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kong'aluka m'mbali. Pakati pake padali kagalasi kowonda ngati udzu, ndipo m'kagalasimo mudali kaulusi kofiira. Kumunsi kwake kudali kamutu kotupa, kofiira ngati nkhupakupa yokhuta. M'mbali mwa thabwalo mudali timizere ta khala, tina m'munsi, tina m'mwamba. Sindidakayike n'pang'ono pomwe kuti amenewo adali magazi.

Ndidathyola tsamba la nthochi, n'kukakulunga osakakhudza ndi dzanja, ndipo ndidathamanga. Sindidapite kwa amayi. Ndidadziwa kuti amayi akadandiuza kuti ndikabweze ndipo nditseke pakamwa. Ndidalunjika kwa atsibweni.

Atsibweni a Makwinja adali mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, komanso wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzimo. Sadali munthu wankhanza mwachibadwa. Ankakonda nthabwala, ankakonda kuyankhula pagulu, ndipo baji ya chipani sinkachoka pajekete lawo ngakhale popita kukakumba mbatata. Chimene sankapirira ndi kusekedwa. Adafunyulula tsamba lija ndi kamtengo, adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adandisisita kumutu.

"Uyu ndiye mwana wa dziko," adatero. "Ena onsewa ndi maso okongoletsa nkhope."

Adandipatsa nzimbe yathunthu. Ndidaidya ndikuyenda pang'onopang'ono pakati pa mudzi kuti anzanga aone.

Mlandu udakambidwa Lamulungu masana anthu atachoka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango wa atsibweni. Kudabwera abale, anansi, ndi anyamata awiri a malaya ofiira amene ankayendera makadi pamsika. Adaitananso aphunzitsi a Likoswe a pasukulu pathu kuti adzaone timizere tija. Amayi aang'ono, amene adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, adakhala pamphasa pafupi ndi amayi. A Zuze adakhala pansi, chipewa chili pabondo. Ine adandiimika pakati, ndipo ndidafotokoza zonse mokometsera, ndi kucheuka kuja kwa uku ndi uku ndidachita kuonetsa.

"Alamu," adatero atsibweni, "kanthu aka n'kanu?"

"N'kanga, alamu. Kamayeza kuzizira ndi kutentha. Kufakitale timakapachika pakhoma kuti tiyi asawonongeke. Aka kadang'aluka thabwa, akapitawo n'kukataya kudzala, ine n'kutola."

"Ndiye dimba la mlongo wanga lasanduka fakitale eti?"

Anthu adaseka. A Zuze adadikira kuti phokoso lithe.

"Ndimafuna ndiwaonetse alamu angawa umboni," adatero, akuloza amayi ndi dzanja lonse. "Ndidawauzapo asanabzale kuti kumunsi kuja kumazizira kwambiri, chimanga cha miyezi ino sichingalimbe. Adandiyankha kuti mkamwini wadza dzana angadziwe chiyani za dimba la agogo. Ndiye ndidati ndiyeze ndekha mwakachetechete. Timizere ta m'munsiti ndi ta dimba lawo. Ta m'mwambati ndi ta kwanga kuthanthwe. Matenda awa amakonda pozizira, pamene mame amachedwa kuuma patsamba. Pofunda amafooka."

Ndidayang'ana amayi. Adali atazolika, akutokosa mphasa ndi chala, ndipo ndidadziwa kuti mawu aja adawanenadi. Kwa kanthawi zidaoneka ngati nkhaniyo ithera pomwepo. Anthu ena adayamba kugwedeza mitu.

Koma atsibweni adali asanayankhule mokwanira, ndipo gulu lidalipo. Adaimirira, adanyamula kathabwa kaja ndi dzanja lawo kuti aonetse kuti iwo saopa nyanga, chala chachikulu chitapsinja pakamutu kofiira kaja, n'kuyamba kulalikira za bata ndi kumvera. Adayankhula nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba. Mwadzidzidzi mayi wina amene adakhala kutsogolo adakuwa.

"Akukwera! Magaziwo akukwera! Kakukuyamwani, apampando!"

Atsibweni adayang'ana. Kaulusi kofiira kadali katapitirira timizere tonse ta khala, ndipo kadali kakukwerabe. Adakuwa mawu amene sindingawalembe pano, n'kukataya. Kadagwera pamuzu wa mango n'kusweka, kadontho kofiira n'kulowa m'dothi. Amayi ena adathawira kuseri kwa nkhokwe. Atsibweni adayamba kutembenuza chala chawo, kufunafuna bala.

Pamenepo a Zuze adalakwitsa chinthu chimodzi chokha chimene ndingati adalakwitsa m'nkhani yonseyi. Adaseka. Sikudali kuseka kwachipongwe, kudangowapulumuka kamodzi, n'kudzigwira pakamwa. Koma aliyense adamva.

Atsibweni nkhope idasintha. Adatembenukira kwa aphunzitsi. "A Likoswe, inu ndinu ophunzira. Mwaonatu?"

Aphunzitsi a Likoswe ankakadziwa kanthu kaja. Ndikunena motsimikiza chifukwa patatha zaka ziwiri adatijambulira komweko pabolodi, n'kutiuza kuti madzi ofiirawo amafufuma akamva kutentha, ngakhale kutentha kwa chala cha munthu. Koma tsiku limenelo adayang'ana anyamata a malaya ofiira aja, adayang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti, "Ine ndaona monga aonera anzangawa."

"Ndiye mukuseka ine, alamu?" adatero atsibweni, mawu atatsika. "Mukuseka mpando umene ndakhalapowu? Ndipo timizere tanuti, mumalembera ndani kutsidyako? M'mamawa anthu ali m'tulo, inu muli m'minda ya eni kulembalemba. Adakutumani ndani?"

Nkhani ya kukawa inkatha ndi mbuzi kapena nkhuku. Koma nkhani ya kutumidwa ndi anthu akutsidya inkatha ndi galimoto yobwera kudzatenga munthu, ndipo tinkadziwa mabanja amene adali kudikirabe abale awo otengedwa motero.

Atsibweni adagamula kuti poti adali mlamu wawo, awachitira chifundo. Mawa dzuwa likamasuzumira paphiri, a Zuze asapezeke m'mudzimo. Akapezeka, anyamata aja adzawaperekeza kuboma. Amayi aang'ono adagwada ndi mimba yawoyo.

"Achimwene, ndapota nanu. Munthuyu sadalakwe kanthu. Ngati apita, ndipita naye."

"Mimba imeneyo ndi ya mbumba ino," adayankha atsibweni. "Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Khala pansi."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa litangolowa, amayi adandituma kukamasula mbuzi imene tidaimangirira kufupi ndi thanthwe. Ndidapita ndikukoka miyendo. A Zuze adali pomwepo, ataimirira pakati pa chimanga chawo, akuchotsa zinyalala m'nsungwi zamadzi ngati kuti mawa adzabweranso. Ndidafuna kuthawa koma adandiona.

"Felesiya, tabwera kuno mwanawe."

M'mudzi monse ndi iwo okha amene sankanditchula kuti Wailesi. Ndidayandikira ndikuyembekezera khofi.

"Vula mantha. Gwira mwalawu."

Ndidaika chikhatho pathanthwe. Lidali lofunda ngati msana wa mbuzi, chonsecho dzuwa lidali litalowa kale.

"Mwala uwu umamwa dzuwa tsiku lonse, usiku n'kumalibweza pang'onopang'ono," adatero. "N'chifukwa chake mbuzi zimagona pano. M'mawa dzuwa likangotuluka limayambira pompano, mame n'kuuma. Tsopano tiye."

Tidatsetsereka ndi kanjira kolowera kudimba, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chingwe cha mbuzi. Titangodutsa nthochi zoyamba, kuzizira kudandigwira m'miyendo ngati ndalowa mumtsinje. Njira imeneyo ndidaiyenda kambirimbiri, ndipo kuzizirako ndinkakumva masiku onse, koma ndidali ndisanakuganizirepo.

"Wamva? Mphepo yozizira ya m'phiri imatsika ngati madzi, n'kudzagona muno. Nsungwi ndi nthochizi zimaitsekera. Tsamba limakhala lonyowa kuyambira madzulo mpaka anthu akuweruka kumunda. Ufa wofiirawu umauluka ndi mphepo, umagwa paliponse, kwanga komwe umagwa. Koma umamera pamene papezeka chisanu ndi mame. Palibe mankhwala a munthu apa."

Adathyola tsamba limodzi, adalipukuta ndi chala, n'kundionetsa ufawo.

"Ukawauze amayi ako kuti chaka chamawa asadzabzale chimanga muno mpaka mwezi wa eyiti, kukayamba kufunda. Nthawi yachisanu abzale mpiru ndi kabichi monga kale. Adulenso nsungwi za mbali yotulukira dzuwayi. Ine sangandimvere. Koma iwe pakamwa uli napo, ukanene zimenezi."

Sadandikalipire, sadandifunse chifukwa chimene ndidachitira. Akadandimenya bwenzi zili bwino, ndikadapeza podandaulira. M'mawa mwake tidadzuka atapita, atatenga bulangete, khasu limodzi ndi jekete. Amayi aang'ono adakhala pakhonde tsiku lonse.

Uthenga uja sindidaupereke. Ine Wailesi, amene sindinkatha kusunga nkhani ya nkhuku, ndidausunga uthengawo ngati mwala m'mimba. Ndinkaopa kuti ndikanena, anthu adziwa kuti ndidayankhula ndi munthu wothamangitsidwa, ndipo atsibweni amva. Koma choposa apo, kunena kukadakhala kuvomera kuti ndidapachika munthu wosalakwa. Ndidadzinyenga kuti mwina adalidi wokawa, ndipo zonse zija adangofuna kundipusitsa. Chaka chimenecho m'dimba la amayi mudatuluka tizisononkho tosakwana dengu. Chimanga cha kuthanthwe chidabereka ziwiriziwiri, anthu n'kumati mankhwala adali asanasuluke.

Amayi aang'ono adabereka mwana wamwamuna, adamutcha Dikirani. Tsitsi langa sadalilukenso, ndipo ine sindidawapemphe.

Chaka chotsatira amayi adati poti wokawa adachoka, ayesenso. Adabzala mwezi womwe uja, dimba lonse. Ndidawathandiza kuponya mbewu m'mapando, mawu a a Zuze ali pakhosi, koma ndidangokhala chete. Malo a kuthanthwe adawatenga atsibweni, ndi nsungwi zamadzi zomwe, n'kubzalaponso chimanga. Chiperoni chidabwera pa nthawi yake. Timadontho tofiira tidabwerera m'dimba la amayi, tochuluka kuposa kale. Kuthanthwe, chimanga cha atsibweni chidali biriwiri.

Mudzi wonse udaona. Kumtsinje palibe adawerengeranso pazala, palibe adatchula za kukawa, poti tsopano mwini munda wobiriwira adali wa baji pajekete. Anthu ankangodutsa pathanthwe n'kuyang'ana kumbali. Atsibweni eni ake adasiya kubwera kwathu kwa miyezi ingapo, ndipo mondokwa wa pamenepo ankatumiza ana kuti akatipatse, iwo osaonekera.

Tsiku lina m'mawa ndidawapeza amayi m'dimba akuzula mapesi ouma. Manja awo adali ofiira ndi ufa uja mpaka m'zigongono. Sindidathenso kupirira. Ndidawauza zonse, za mwala wofunda, za mphepo yogona m'dimba, za mwezi wa eyiti ndi nsungwi zoyenera kudula. Adamvetsera osandidula, phesi lili m'manja.

"Adakuuza liti zimenezi?"

"Tsiku lija la mlandu, madzulo."

Adaponya phesi lija pansi. Kenaka adati, "Mwana iwe. Pamene unkayenera kutseka pakamwa udatsegula. Pamene unkayenera kutsegula, watseka chaka chathunthu." Sadandimenye. Adapitiriza kuzula, ine n'kuyamba kuzula nawo, misozi ikugwera pamasamba.

Adadula nsungwi zija sabata yomweyo. Mwezi wa eyiti adabzalanso, ndipo chimanga chidakula dzuwa likuwotcha, timadontho tikuoneka tochepa pamasamba a m'munsi n'kuthera pomwepo. Mondokwa woyamba amayi adawotcha, n'kupita naye okha kwa mng'ono wawo. Zimene adakambirana m'nyumbamo sindidazimve, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindidakamvetsere kuseri kwa chitseko.

A Zuze sadabwerenso. Wina adati adawaona akuwoloka ku Muloza. Patapita zaka nkhondo idakula kutsidyako, anthu ambiri adathawira kuno, ndipo amayi aang'ono ankapita kulikonse kumene amva kuti kwafika othawa, kukayang'ana nkhope imodziimodzi. Adamwalira osakwatiwanso.

Ine ndidapitiriza sukulu n'kudzakhala namwino. Zaka zambiri ndakhala ndikuika kagalasi koyezera kutentha m'khwapa mwa ana a eni, ndipo palibe tsiku limene ndidakagwira osakumbuka muzu wa mango uja. Mlangizi wina wa zaulimi adandiuzapo kuti chiwawu chili m'mitundu, china chimakonda kotentha konyowa ngati kuchigwa nthawi ya dzinja, koma cha kwathu kuphiri chija n'chokonda chisanu ndi mame, ndendende monga adanenera a Zuze. Munthu wosapita patali ndi sukulu adazipeza ndi kagalasi kotola kudzala ndi khala la pamoto, ndipo ife tidamulipira pomuthamangitsa.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti ndidali mwana, kuti olakwa adali atsibweni ndi manyazi awo, aphunzitsi ndi mantha awo, kapena nthawi imene tinkakhalamo. Zonsezo n'zoona. Koma tsopano ndimaona kuti kukayikirana kuja kudali ngati ufa wofiira uja. Kunkauluka m'dziko lonse, kunkagwa pa aliyense, ndipo kunkamera pokhapo pamene papezeka pozizira. Mwa ine kudapeza nsanje ya mkute ndi tsitsi. Sindidaname ngakhale liwu limodzi pamlandu paja, zonse ndidaziona ndi maso anga. Chimene sindidachite ndi kufunsa mwini wake kuti, bambo aang'ono, kanthu aka n'kachiyani? Likadakhala funso limodzi, ndipo akadandiyankha.

Dimba lija pano amalima ndi Dikirani. Ali ndi imvi, ndipo amayenda ngati bambo ake amene sadawaonepo, mutu utapendekera kumodzi. Chaka chatha ndidapita kumudzi mwezi wa Juni, ndidamupeza akuthirira kabichi. Ndidamufunsa chifukwa chake sabzala chimanga nthawi imeneyo, poti pamsika chimakhala chosowa.

"Achemwali, muno simubzalidwa chimanga mpaka mwezi wa eyiti," adatero. "Ndi lamulo la makolo. Adandiuza amayi aakulu."

Ndidamuuza kuti asiye kaye ndowa, tikwere kuthanthwe. Dzuwa lidali litangolowa. Ndidamugwira dzanja n'kuliika pamwala, ndipo ndidamuuza kuti lamulolo si la makolo, ndi la bambo ake, ndi kuti amene adawachotsa pamudzi pano ndine.